Manambala a pa Chigubu cha Oyilo: 0W-20, 5W-30 Kapena 20W-50?

NYIMBO YOTSEGULIRA

MUULUTSI:

Lero nkhani ndi ya oyilo wa mu injini, makamaka manambala aja amalembedwa pa chigubu: 5W-30, 15W-40, 20W-50. Inu a dalaivala amene mukudikira kuti minibasi idzaze pa siteji, kwezani wailesi pang'ono. A makaniko m'magalaja, nkhaniyi ndi yanunso. Pena pake tisiyana maganizo, koma chonde mundimvere mpaka kumapeto.

Ambiri a ife tikalowa m'sitolo ya zipangizo za galimoto timangoti, "Ndipatseni oyilo wa petulo, malita anayi." Wogulitsa amatambasula dzanja n'kutenga chimene chili pafupi, ndipo kawirikawiri chimakhala 20W-50. Mukamufunsa chifukwa chake, yankho limakhala lokonzeratu: "Kuno n'kotentha bwana. Oyilo wopepuka uja ndi wa kwa anzathu kozizira, kuno amangosanduka madzi." Mawu amenewa ndi amene ndabwera kudzatsutsa lero. Muli kachoonadi pang'ono mkati mwake, ndipo ndikusonyezani pamene kali. Koma kwa galimoto zambiri zing'onozing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu masiku ano, za Vitz, Passo, Sienta, Probox, Honda Fit, Nissan Note ndi zinzake, malangizo amenewa ndi olakwika. Chimene chimasankha oyilo ndi mapangidwe a injini yanu. Dzuwa la Okutobala limabwera pambuyo.

Tiyambe talowa mu injinimo. Mukaponda moto n'kuona kamuvi ka pa dashibodi kafika pa 3, ndiye kuti kirankishafuti ikuzungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, kumene kuli ka 50 pa sekondi iliyonse. Chitsulo chimenechi chimagona pa mabeyaring'i, koma pozungulira sichiyenera kuwakhudza. Pakati pake pamakhala kampata kochepa zedi, pafupifupi mamilimita 0.02 mpaka 0.05. Tengani milimita imodzi ya pa rula ya mwana wa sukulu, muigawe magawo 30, gawo limodzilo ndiwo mpata tikunenawu. Oyilo amayenera kulowa m'kampata kameneka n'kunyamula chitsulo chonse chija kuti chiziyandama. Akapepuka mopitirira, mphamvu ya mapisitoni imamufinya n'kumutulutsa, zitsulo n'kuyamba kudyana. Akalemera mopitirira, amachedwa kufika, amavuta kumukankha, ndipo injini imataya mphamvu yake polimbana ndi oyilo wake womwe.

Ntchito ya oyilo siithera pa kutereretsa. Amachotsa kutentha pansi pa mapisitoni ndi m'mabeyaring'i, malo amene madzi a mu rediyeta safikako. Amanyamula mwaye ndi tizitsulo tonyenyeka kupita nato ku fyuluta. Ndipo mu injini zatsopanozi ali ndi ntchito ina imene makolo athu a Peugeot 504 sankaidziwa: amakankha ndi kutembenuza zipangizo zina za mu injini momwemo. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Tsopano manambala. Anawakonza ndi bungwe la akatswiri a za galimoto la ku America lotchedwa SAE, ndipo ndondomeko yake yoyamba inatuluka mu 1911. N'chifukwa chake pa chigubu mumaona malembo atatu amenewa patsogolo pa nambala. Manambalawo sanena za ubwino wa oyilo. 50 saposa 30 pa ubwino. Amangonena mmene oyiloyo amayendera, kaya amathamanga kapena amayenda mokakamira.

Oyilo aliyense amalimba kukazizira ndipo amasungunuka akatentha. Amayi mumazidziwa bwino zimenezi: mafuta ophikira m'mawa wa Juni amatuluka m'botolo monyinyirika, koma mafuta omwewo akafika m'chiwaya cha pamoto amathamanga ngati madzi. Choncho nambala imodzi singakwanitse kutiuza zonse, pamafunika ziwiri. Yoyamba, ya W ija, imanena mmene oyilo amayendera ali wozizira, pamene mukuliza injini m'mawa. W akuimira winter, nyengo ya chisanu. Oyilo wa 20W amamuyesa pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 10W pa madigiri 25 pansi pa ziro, wa 5W pa 30, wa 0W pa 35 pansi pa ziro. Nambala ikachepa, ndiye kuti oyiloyo amayenda msanga ali wozizira. Ndipo 0W sakutanthauza kuti oyiloyo alibe thupi ayi.

Nambala yachiwiri imanena kulimba kwa oyilo pa madigiri 100, kumene kuli pafupi ndi kutentha kumene oyilo amakhala nako injini ikamagwira ntchito. Muyezo wake umatchedwa centistoke, ndipo madzi akumwa ali pa 1. Oyilo wa 20 amakhala pansi pa 9.3. Wa 30 amayambira pa 9.3 kulekeza pa 12.5. Wa 40 amachokera pa 12.5 kufika pa 16.3, ndipo wa 50 amayambira pa 16.3 mpaka 21.9. Mvetserani bwino apa. 5W-30 ndi 10W-30 injini ikatentha amakhala m'gulu limodzi, amangosiyana m'mawa. Koma 0W-20 ndi 20W-50 amasiyana ponseponse: injini ikatentha, 20W-50 amalimba pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo, ndipo m'mawa kusiyana kwake kumakula kwambiri.

Mwina mukufunsa kuti oyilo mmodzi angakhale bwanji ndi manambala awiri. Opanga amathiramo mankhwala amene amachepetsa kusungunuka kwa oyilo akatentha. Oyiloyo amapepukabe ndithu, koma osati kwambiri ngati mmene akanachitira popanda mankhwalawo. Luso limeneli linayamba kufala m'zaka za m'ma 1950. Kusanabwere zimenezi, anthu a kumayiko ozizira ankasintha oyilo nyengo ikasintha, wopepuka m'chisanu, wolemera m'chilimwe. 20W-50 anatchuka kwambiri ku Britain m'zaka za m'ma 1960, pa galimoto ngati Mini, imene injini ndi giyabokosi zinkagwiritsa ntchito oyilo mmodzi. Galimoto za m'badwo umenewo ndi umene unatsatira, ma Land Rover akale, ma Peugeot, ma Datsun, ndi zimene amisiri athu akuluakulu anaphunzirirapo ntchito. Pa galimoto zimenezo iwo sankalakwitsa. Injini ndi zimene zinasintha, chizolowezi chathu n'kutsalira.

NYIMBO PANG'ONO

MUULUTSI:

Tabwereranso. Tsopano tiyang'ane nkhani ya kutentha ija maso ndi maso.

N'zoona kuti ku Nsanje ndi ku Chikwawa mu Okutobala ndi Novembala kumatha kupitirira madigiri 40. Koma mkati mwa injini, madzi amayenda ali pa madigiri 80 mpaka 95, ndipo oyilo amakhala pafupifupi pa 90 mpaka 110. Kutentha kumeneku sikuchokera kudzuwa, kumachokera ku moto wa petulo. Amene amakulamulira ndi themositati, rediyeta ndi fani. Zimenezi zikakhala bwino, injini ya ku Bangula ndi injini ya ku Mzuzu zimagwira ntchito pa kutentha koyandikana. Ya ku Bangula imatha kukwererapo pang'ono, inde, koma osati mpaka kufuna kulumpha kuchoka pa 20 kukafika pa 50.

Komanso tisamaganize kuti ku Japan ndi chisanu chaka chonse. Mu Julayi ndi Ogasiti, mizinda ngati Tokyo ndi Osaka imapsa kupitirira madigiri 35, galimoto zitathithikana m'misewu, zoziziritsa mpweya zili zoyatsa. Ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri a chilimwe, ndipo galimoto za Toyota ndi Honda zimayenda kumeneko ndi 0W-20 yemweyo.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chizolowezi china chimene chimabadwa kuchokera ku maganizo omwewa: kuchotsa themositati galimoto ikangofika kuchokera ku Dar es Salaam, ati kuno siifunika. Ndikupemphani, musalole zimenezi. Injini yopanda themositati imachedwa kutentha, ndipo pa ulendo wa usiku kapena wotsetsereka siifika n'komwe pamene iyenera kufika. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini idakali yozizira imawonjezera petulo, petulo wina amatsikira m'sampu n'kusukulutsa oyilo, chinyezi sichiuma, ndipo m'kupita kwa nthawi mumadzaza matope akuda aja mumawaona mukatsegula chivindikiro. Ngati injini ikuwira, fufuzani chimene chikuiwiritsa.

Nanga oyilo wolemera amaipa pati mu injini yatsopano? Choyamba ndi m'mawa. Galimoto ikagona usiku wonse, oyilo wambiri amatsikira m'sampu. Mukaliza injini, pampu imayenera kumukoka, kumudutsitsa mu fyuluta, n'kumukweza mpaka pamwamba pa injini pamene pali kamushafuti. Pa kanthawi kameneko zitsulo zimadalira katsalira kochepa ka dzulo, ndipo kudyeka kwambiri kwa injini kumachitika nthawi imeneyi, isanatenthe. Ife kuno sitiona madigiri 30 pansi pa ziro, n'zoona. Koma m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, pa madigiri 10, oyilo wa 20W-50 amakhala wolimba katatu kapena kupitirira kuyerekeza ndi 5W-30. Phokoso lija mumalimva pamwamba pa injini mukangoliza, la gwedegwede kwa masekondi angapo, nthawi zambiri ndi zitsulo zimene zikudikira oyilo.

Chachiwiri ndi mfundo ndinati muisunge ija. Pa chivindikiro cha injini zambiri za Toyota palembedwa kuti VVT-i. Honda ali ndi yawo, i-VTEC. Imeneyi ndi njira imene injini imasinthira nthawi yotsegulira mavalavu malingana ndi liwiro, ndipo chimene chimatembenuza kamushafuti kuti zimenezi zitheke ndi oyilo, amene amadutsa pa kasefa kakang'ono ndi timipata topapatiza, molamulidwa ndi kompyuta. Kompyutayo inakonzedwa poyembekezera oyilo wa kulimba kwakutikwakuti. Ikapatsidwa wolemera kwambiri, zinthu zimachedwa kuyankha, makamaka injini isanatenthe. Galimoto imatha kulemera poyamba kuyenda, kumwa petulo wambiri, mwinanso kuyatsa nyale ya injini pa dashibodi. Chipangizo chimene chimakunga tcheni cha taimingi nachonso chimadalira oyilo yemweyo. Pa galimoto za hybrid, za Aqua ndi Prius, nkhaniyi imakula chifukwa injini yake imazima ndi kulira yokha kambirimbiri pa ulendo umodzi. N'chifukwa chake zimafuna 0W-20, ndipo zina zatsopano zimafuna 0W-16.

A makaniko ena amanena kuti, "Koma ndikathira wolemera, pulesha imakwera." Imakweradi. Koma pulesha ikakwera sizitanthauza kuti oyilo wambiri akufika kumene akufunika. Zimangosonyeza kuti pampu ikuvutika kumukankha. Ndipo mu injini muli kavalavu kamene kamatseguka pulesha ikapitirira, n'kubwezera oyilo wina m'sampu asanagwire ntchito. Mu fyuluta mulinso kena kamene kamalola oyilo kulambalala sefa ngati walimba kwambiri moti sakudutsa. Pa nthawi imeneyo injini imalandira oyilo wosasefedwa.

Ndinalonjeza kukuuzani pamene pali kachoonadi. Nachi. Katundu ndi zitunda zimatenthetsa oyilo kuposa dzuwa. Sienta imene ikuchita ntchito ya takisi, yodzaza anthu ndi matumba a chimanga, ikukwera chitunda cha Chiweta, kapena kuchoka ku Thabwa kukwera ku Blantyre, kapena kuchoka ku Golomoti kulowera ku Dedza, injini ikulira pamwamba kwa nthawi yaitali liwiro lili lochepa, oyilo wake amatentha kwambiri kuposa wa Sienta yongoperekeza ana kusukulu. Opanga galimoto amazidziwa zimenezi. Mabuku ambiri a Toyota amanena okha kuti oyilo wolemererapo akhoza kukhala woyenera ngati galimoto ikuyenda pa liwiro lalikulu kapena ikunyamula katundu wolemera. Ndipo pa injini ngati 1NZ ya mu Probox, Sienta ndi Corolla, mabuku amatchula 0W-20 komanso 5W-30. Choncho maganizo anga ndi awa: pa galimoto zing'onozing'ono za petulo zochokera ku Japan, zimene zayenda kale mtunda wautali ndipo zikugwira ntchito yolemetsa m'misewu yathu, 5W-30 ndi chisankho chanzeru ngati buku la galimotoyo likumulola. Amenewo ndi makwerero amodzi. Kuchoka pa 20 kukafika pa 50 ndi makwerero atatu.

NYIMBO PANG'ONO

MUULUTSI:

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi ili: "Galimoto yanga ikutulutsa utsi wa buluu ndipo ikumwa oyilo. Kodi ndisathire wolemera?"

Injini ikakalamba, timipata tija timakula, ndipo oyilo wolemererapo amathandizadi kuchepetsa utsi ndi kusunga pulesha. Kukwera makwerero amodzi, kuchoka pa 30 kupita pa 40, monga 5W-40 kapena 10W-40, si tchimo pa injini yotopa. Koma musanatero, a makaniko afufuze kaye gwero la vuto. Nthawi zina ndi timalabala ta pa mavalavu tauma. Nthawi zina ndi kavalavu kotulutsira mpweya wa m'sampu katsekeka, kanthu kotchipa kosavuta kusintha. Nthawi zina ndi maring'i amatidwa ndi matope chifukwa chochedwa kusintha oyilo, ndipo apo oyilo wolemera sachiritsa kanthu. Ngati nyale yofiira ya oyilo ikuphethira injini ikatentha galimoto ili chiimire, musathamangire kugula 20W-50 kuti nyaleyo izime. Auzeni a makaniko amange geji n'kuyeza pulesha yeniyeni, atsegulenso sampu n'kuona kasefa ka pampu, chifukwa kakatsekeka ndi matope, oyilo wolemera ndiye amavutikiratu kudutsa. Injini zambiri zimanoka mwini wake akuganiza kuti vuto analithetsa, chikhalirecho anangozimitsa nyale yomuchenjeza.

20W-50 ali nawo malo ake, ndipo sindikufuna mumutaye. Injini zakale za kabuleta, monga 4Y ya mu Hilux ndi Hiace zakale, kapena kabaki ka Nissan 1400, zimakhala naye bwinobwino.

Inu a dizilo, oyilo wanu wodziwika ndi 15W-40. Hiace ya 5L, Land Cruiser ya 1HZ, ma Canter ndi ma Dyna akale, mathirakitala, zonsezi zimamudziwa. Koma apa nambala payokha siikwanira. Injini ya dizilo imapanga mwaye wambiri, choncho oyilo wake amakhala ndi mankhwala ochuluka ogwira mwaye ndi kupha asidi. Yang'anani kumbuyo kwa chigubu pamene palembedwa API, limene ndi bungwe la ku America loona za mafuta. Malembo oyamba ndi C ndi a dizilo, monga CH-4 ndi CI-4. Oyamba ndi S ndi a petulo: SL wa mu 2001, SM wa mu 2004, SN wa mu 2010, SP wa mu 2020. Lemba lachiwiri likamapita patsogolo, ndiye kuti muyezowo ndi watsopano, ndipo pa petulo watsopano amagwira ntchito m'malo mwa wakale. Mukaona chigubu cholembedwa SF kapena SG, dziwani kuti umenewo ndi muyezo wa m'zaka za m'ma 1980, ndipo suyenera galimoto ya mu 2012 ngakhale nambala yake itagwirizana.

Chenjezo lapadera lipite kwa amene agula dizilo zatsopanozi, zokhala ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, monga Mazda CX-5 ya dizilo ndi ma Hiace atsopano ochokera ku Japan. Zimenezi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa, amene pa galimoto za ku Japan amalembedwa JASO DL-1, ndipo kawirikawiri amakhala 0W-30 kapena 5W-30. Mukathiramo 15W-40 wa malole, phulusa lake limatseka sefayo pang'onopang'ono, ndipo mtengo woikonza ndi woliza munthu wamkulu. Galimoto za ku Ulaya, za Mercedes-Benz, BMW ndi Volkswagen, zilinso ndi manambala awoawo ovomerezera oyilo, monga 229.5 kapena 502 00, amene ayenera kuoneka pa chigubu.

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto, musaganize kuti ndakuiwalani. Pa njinga zambiri, injini, magiya ndi kilatchi zimasamba mu oyilo mmodzi. Oyilo wa galimoto, makamaka wopepuka wopulumutsa petulo uja, ali ndi mankhwala otereretsa kwambiri amene amachititsa kilatchi kuterereka. Funani chigubu cholembedwa 4T komanso JASO MA kapena MA2. Injini ya njinga zambiri imazizira ndi mphepo yokha ndipo imatentha kwambiri, choncho zambiri zimafuna 10W-40 kapena 20W-50, malingana ndi buku lake. Oyilo wa nambala imodzi, monga SAE 40, malo ake ndi pa zigayo za dizilo ndi injini zina zoima pamodzi zimene zimalira tsiku lonse pa liwiro limodzi. Ndipo 80W-90 ndi wa magiya. Manambala ake amawerengedwa mwa njira ina, mankhwala akenso ndi ena, asalowe mu injini.

Nanga nambala yoyenera galimoto yanu muipeza kuti? Yambani ndi chitsekerero cha pamene mumathirira oyilo, pa galimoto zina imalembedwa pomwepo. Yang'ananinso timapepala tomata kunsi kwa boneti. Kenako buku la galimoto. Ndikudziwa kuti ambiri munalipeza lili m'Chijapani n'kuliponya m'kabati. Kalitengeni. Chakumapeto kwake kuli tsamba la manambala, ndipo 0W-20 kapena 5W-30 amalembedwa mofanana m'zilankhulo zonse, pamodzi ndi kuchuluka kwa malita. Ngati bukulo palibe, werengani dzina la injini pa kachitsulo kapena kapepala ka pa thupi la galimoto, monga 1KR, 1NZ kapena 2SZ, mupite nalo kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo kapena mufufuze pa intaneti. Paja safunsa anadya phula. Funsani ndi dzina la injini, osati la galimoto lokha, chifukwa Vitz imodzimodziyo imabwera ndi injini zosiyana.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: oyilo wa 0W-20 ndi 5W-30 kawirikawiri amakhala wa synthetic, ndipo mtengo wake ndi wokwera, makamaka ndalama zakunja zikamavuta. Sindikukana. Koma injini zing'onozing'onozi zimangolowa malita atatu kapena anayi, ndipo kusiyana kwa mtengo wa zigubu ziwirizo n'kochepa mukakuika pambali pa mtengo wa injini ina. Ngati thumba lavuta ndithu, 5W-30 kapena 10W-30 wamba, wa muyezo wa SN, amene mukumusintha pa nthawi yake, ndi wabwino kuposa wodula amene mukumusiya mpaka asanduke phula.

Pogula, gulani chigubu chomata, ndipo muone ndi maso anu chikutsegulidwa. Oyilo wopungulira m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu alibe nambala, alibe malembo, ndipo palibe angakutsimikizireni kuti ndi wa mtundu wanji, kaya ndi watsopano kapena wosefedwa kuchokera mu injini ina. Kumutikita pakati pa zala sikukuuzani kanthu, chifukwa zala zanu sizili pa madigiri 100. Mtundu nawonso umanamiza: oyilo wa dizilo amada patangopita masiku ochepa chimuthirireni, ndipo kumeneko ndiko kugwira ntchito kwake.

Mukakhala pa ulendo n'kupeza kuti oyilo watsika, koma amene ali pamalopo ndi wa nambala ina, thirani ameneyo. Injini imapirira oyilo wosakaniza, koma siipirira kusowa oyilo. Mukafika, konzani zosintha. Poyeza, imikani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, dikirani mphindi zingapo, pukutani dipisitiki, muibwezere, kenako muwerenge. Pa galimoto zambiri, kuchoka pa mzere wapansi kufika wapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Musapitirize mzere wapamwamba. Oyilo akachuluka, kirankishafuti imamuvundula n'kuchita thovu, ndipo thovu silinyamula chitsulo.

Za nthawi yosinthira, mabuku amapereka mitunda iwiri, wa ntchito yopepuka ndi wa ntchito yolemetsa. Fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe, maulendo afupiafupi a m'tauni, kuima nthawi yaitali injini ikulira, zonsezi zimatiika m'gulu lachiwiri. Makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, amene magalaja ambiri amatsatira, ndi muyezo wabwino pa galimoto zotere. Mankhwala aja amene amapatsa oyilo manambala awiri amaduka pang'onopang'ono akamapunthidwa mu injini, petulo ndi mwaye zimalowerera, moti 5W-30 amene wakhalitsa sakhalanso 5W-30. Sinthani ndi fyuluta yomwe, ndipo musaiwale fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi likalowa mu injini palibe nambala ya oyilo imene ingalepheretse maring'i kudyeka.

Oyilo wakale amene mwakhetsa musamutayire pansi kapena mu ngalande, amakathera m'zitsime ndi m'mitsinje. Musamupake pa chilonda kapena pa khungu la chiweto, ndipo a makaniko muzisamba m'manja ndi sopo mukamaliza, chifukwa oyilo wogwira kale ntchito ali ndi zinthu zimene zingayambitse khansa ya pakhungu akamakukhudzani kwa zaka zambiri. Muthireni m'chigubu chotseka ndipo mufunse ku galaja kapena kumalo omwetsera mafuta ngati amatolera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tikamba za oyilo wa mu giyabokosi ya otomatiki, makamaka ya CVT, imene ili ndi malamulo akeake.

NYIMBO YOTSEKERA